Mizere Imene Makina Anadya

Chaka chimene ndinamaliza sekondale, dzina langa silinatuluke pa mndandanda wa opita ku yunivesite. Ndinaperewera pang'ono, ngati munthu wofika pa depoti basi itangotseka chitseko. Ndinalira masiku atatu. Tsiku lachinayi lake amayi anandidzutsa m'mawa n'kundiuza kuti misozi siipsetsa mphika, ndipite ndikathandize amalume ku shopu kwawo mpaka tidzaone chochita.

Shopu ya amalume ndi kachipinda kamodzi kunja kwa mpanda wa yunivesite, pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni. Muli makina awiri a fotokope, ena amoyo, ena akufa kalekale amene timaikapo makapu. Muli sitepula yaikulu yofuna kuidinda ndi thupi lonse, mpeni wodulira mapepala, ndi shelefu yofika kudenga. Pashelefupo ndi pamene pali chuma cha amalume, mitolo ya mapepala imene iwo amaitcha makolo. Laibulale ya yunivesite imakhala ndi buku limodzi pa ophunzira makumi asanu ndi limodzi, ndiye wina akalibwereka amathamangira nalo kwa ife, amalume amalijambula, kope limodzi n'kusunga. Kope limenelo ndiye kholo. Chaka chotsatira palibe amavutikanso kupita ku laibulale. Amangofika pakauntala n'kutchula buku, ife n'kutsitsa kholo, n'kulibereketsa ana.

Vuto la makolo n'lakuti amakalamba. Kholo likang'ambika amalume amatenga mwana wake kukhala kholo, mwanayo akatha amatenga mdzukulu. Ndipo makina athu ali ndi khalidwe lawo: nthawi iliyonse amakankhira zolemba pansi pang'ono, pang'ono zedi moti sungaone. Pofika kwa chidzukulu, mzere wotsiriza wa tsamba umakhala utadyedwa theka, pena utatheratu.

Ine mapepalawo ndinkawawerenga onse. Amalume ankati sanaonepo wantchito woipa ngati ine, chifukwa ndinkati ndikaika tsamba pagalasi, maso n'kugwera pa chiganizo, dzanja n'kuiwala batani, mzere wa anthu n'kukafika kwa ometa tsitsi. Ndikadzidzimuka ndinkayamba kukoka mapepala makina asanamalize kuwalavula, ndiye anandipatsa dzina lakuti Phuma. Pa zenera la shopu pamaoneka nyumba ya njerwa zofiira mmene amaphunzitsiramo Chingerezi ndi mabuku ake. Ndinkaiyang'ana ngati mmene atsikana anzanga amayang'anira madiresi a ukwati. Ndinali nditasankha kale zenera langa, lachitatu kuchokera kumanzere, ndi mtengo umene ndidzakhale pansi pake buku lili pamiyendo, ndi mmene ndidzakwezere maso pang'onopang'ono wina akadzandifunsa kuti ndikuwerenga chiyani.

Panali buku lina limene a chaka chachiwiri onse ankalifuna. Ndi nkhani ya mayi wamasiye, telala, wokhala m'tauni ya m'mbali mwa mtsinje, ndi injiniya wobwera kudzamanga mlatho amene ankagona m'chipinda china cha nyumba yake. Awiriwo amakondana masamba mazana awiri osanenapo kanthu, kumangopatsirana mchere patebulo. Kholo la bukuli linali lodwala kuposa onse. Masamba makumi anayi ndi limodzi analibe mzere wotsiriza. Ophunzira akadandaula, amalume ankawauza kuti aganizire okha, si n'chimene anabwerera ku yunivesite?

Ine zinkandiwawa ngati dzino. Ukuwerenga, mayi uja watsegula pakamwa kuti anene, tsamba n'kutha, lotsatira n'kuyamba injiniya ali kale pakhomo akuvala chipewa. Tsiku lina amalume atapita kukagula inki, ndinayatsa kompyuta yawo yakale, ndinafunafuna zilembo zofanana ndi za m'bukumo, ndinataipa mzere umodzi, ndinausindikiza, ndinadula kachidutswa kopyapyala ngati lamba wa wotchi, n'kukamata ndi guluu pansi pa tsamba. Nditajambula, chilonda sichinaoneke. Ngakhale ine mwini ndinachita kufunafuna.

Mizere yoyamba inali yosavuta, chifukwa mitu ya zilembo inkaonekabe, ine kumangomalizitsa. Koma ina inali itatheratu. Pamenepo ndinkawerenga za pamwamba pake, kuwerenga tsamba lotsatira, n'kutsinzina, n'kumvetsera chimene chikanakhala pakatipo. Zokafunsa buku lenileni sindinaziganizire. Ku laibulale salola munthu wopanda khadi, komanso, ndinene zoona, sindinkafuna. Ndinkamva ngati wolembayo wandisiyira mpata dala, ngati munthu wokusunthira pa benchi. Pakutha pa milungu iwiri masamba onse anali athunthu. Amalume ataona kuti madandaulo atha, anati makina achira okha.

Umene ndinkaunyadira kwambiri unali wa pa tsamba 231. Mlatho watha, injiniya akukwera sitima, mayi uja wamuperekeza, agwirana chanza ngati anthu ogulitsana njinga. Tsamba likuthera pamenepo, lotsatira ndi mutu wina. Ndinalemba m'Chingerezi changa chapamwamba kwambiri, chimene m'chilankhulo chathu chingamveke motere: Anaima pomwepo mpaka sitima inazimiririka, ndipo mtima wake unapita nayo, wopanda tikiti yobwerera.

Panali mnyamata wina wa chaka chachiwiri amene mumtima ndinkamutcha Jekete, chifukwa ankavala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Anali ndi zala zazitali, ndipo akamadikira mapepala ankawerenga milomo ikugwedera. Ine ndi iye tinali titakwatirana kale kawiri m'mutu mwanga, iye osadziwa. Tsiku lina anatsegula kope lake kumbuyo n'kundionetsa mzere wanga, ataukopera ndi inki yobiriwira. Anati m'buku lonselo mulibe mawu oposa amenewo, ndipo kuti munthu alembe zotere ndiye kuti anasiyidwapo pa siteshoni. Ndinangotsala pang'ono kudzidinda chala ndi sitepula. Tsiku limenelo ndinapita kunyumba wapansi, kuopa kugawana chimwemwe changa ndi anthu a m'minibasi.

M'mwezi womwewo pa geti la yunivesite panamatidwa chidziwitso. A Chingerezi anali ndi malo anayi otsala, ndipo amene anaperewera pang'ono ankaitanidwa kuti akaonekere pamaso pa aphunzitsi atatu, akafunsidwe mafunso. Ndinalembetsa tsiku lomwelo. Tinalipo khumi ndi asanu ndi anayi. Amayi amagwira ntchito pamalo ochapa ndi kusita zovala, ndipo abwana awo anali atandipezera kale malo pa sukulu yophunzitsa ntchito za m'mahotela, yoyamba mwezi wotsatira. Tinapangana titakhala pa bedi lawo. Ndikapambana pa mafunsowo, ndikawerenge nkhani zangazo. Ndikalephera, ndikaphunzire kuyala mabedi a alendo, ndipo mawu akuti yunivesite asadzamvekenso m'nyumba muno. Ndinavomera msanga, poti ndinkaona kuti malo amodzi mwa anayiwo ndi anga kale. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Mafunsowo anali Lachisanu. Lolemba la mlungu umenewo, chakumasana, m'shopu munalowa mayi wamfupi wa tsitsi la imvi, atanyamula chikwama cholemera. Ophunzira awiri amene anali pakauntala anatuluka osatenga mapepala awo. Ndinawadziwa nthawi yomweyo. Anali adokotala ophunzitsa buku lija, amene ophunzira amawatcha a Lumo chifukwa cha mmene amachongera. Dzina lawo lenileni linali loyamba pa mayina atatu a pa chidziwitso chija.

Anatulutsa buku lenileni, lachikuto cholimba, n'kuliika pakauntala. Pambali pake anaika mulu wa zolemba za ophunzira. Anapereka moni kwa amalume mwaulemu wonse, anafunsa mmene ntchito ikuyendera, kenako anafotokoza modekha kuti bukuli akhala akuliphunzitsa zaka khumi ndi zisanu, ndipo sabata yatha, pochonga, anapeza ophunzira makumi atatu ndi asanu ndi atatu akutamanda chiganizo chimene iwo sanachionepo. Poyamba anaganiza kuti ukalamba wafika. Anatsegula buku lawo, chiganizocho mulibe. Anabwereka la mnzawo, mulibe. Atafunsa kalasi, onse analoza kuno.

“Ndiye ndabwera kudzaona wolemba mabuku amene mukumusunga muno,” anatero.

Amalume anaseka kuseka kumene amaseka a ziphaso akabwera kudzayendera. Anati makinawa ndi akale, Adokotala, pena amatola za m'buku lina. A Lumo anapempha kholo. Amalume analitsitsa. A Lumo anasolola tsamba 231 n'kulikweza pa zenera. Dzuwa linaonetsa kachidutswa kanga bwinobwino, ndi dontho la guluu pakona.

Amalume anandiyang'ana kamodzi kokha. Kenako anati akumbukira tsopano, anamata ndi iwo, kalekale, pofuna kuthandiza ana. A Lumo anagwedeza mutu ngati akuvomereza, n'kuwapempha kuti tsono awauze, mayi wa m'nkhaniyi amagwira ntchito yanji. Amalume anayang'ana chikuto, panalibe chithunzi. Anati ndi namwino.

Ndikanatha kukhala chete. A Lumo sankandidziwa nkhope. Ndikanangowerama pa makina, Lachisanu n'kukalowa ngati mwana wosalakwa, ndipo ndinaganizadi zimenezo nthawi yokwana kupuma kawiri. Koma kuona amalume, bambo wamkulu, akutuluka thukuta chifukwa cha ine kunandipweteka. Chinanso, chimene amayi sindinawauze, n'chakuti sindinapirire kumva mzere wanga ukupatsidwa kwa munthu wakuti namwino.

“Ndi telala,” ndinatero. “Ndipo anamata ndine. Yonse makumi anayi ndi umodzi.”

“Makumi anayi ndi umodzi,” anabwereza a Lumo. Anakhala pa mpando wa makasitomala. “Ine ndinapeza umodzi.”

Amalume anatsinzina.

A Lumo anandifunsa dzina. Nditatchula, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anati dzinali aliona pa mndandanda wa Lachisanu. Anandiuza, osakweza mawu, kuti kwawoko machimo aakulu alipo awiri: kutenga mawu a mwini n'kunena kuti ndi ako, ndi kutenga mawu ako n'kunena kuti ndi a mwini. Loyambalo amaliona chaka chilichonse, lachiwirili ndine woyamba. Ophunzira onse aja ataya malikisi chifukwa cha ine. Kenako anakankhira buku lija kwa ine. Anati ndipeze mzere uliwonse, ndilembe wanga kumanzere, wa mwini buku kumanja, ndimatule zomatamatazo kuti kholo likhale loona. Ndibweretse Lachisanu.

“Ndiye kuti ndidzalowa nawo m'mafunso?” ndinafunsa.

“Ndati ubweretse. Zolowa sindinanene.”

A Lumo atatuluka, amalume anatembenukira kwa ine. Kenako anati, “Iwe Phuma, bodza ndinali nditaliika pamoto bwinobwino, iwe n'kuliphula lisanapse.” Ndinawauza kuti linali litapserera kale pa namwino paja. Anandigenda ndi selotepi, koma anandiuza kuti mlungu wonse ndisakhudze makina, ndikhale pakona ndi bukulo.

Amayi nditawauza sanakalipe. Anapitiriza kupinda zovala zathu, n'kunena kuti kuyala mabedi si ntchito yochititsa manyazi, ndipo amene amagwira m'mahotela amavala bwino, ena mpaka amaphunzira zilankhulo za alendo. Zimenezo zinandiwawa kuposa mbama.

Lachiwiri kunabwera Jekete. Nkhani inali itamveka kale yunivesite yonse. Sanandipatse moni. Anati ndamuchititsa manyazi, a Lumo anawerenga ndime yake mokweza m'kalasi, pamene analemba kuti chiganizocho chikuonetsa wolemba atakhwima nzeru. Anati munthu wa fotokope azidziwa malire ake. Ndinamufunsa ngati wang'amba tsamba la inki yobiriwira lija. Anangotembenuka n'kulunjika pakhomo. Akutuluka ndinaona kuti jekete yake ndi yaikulu m'mapewa, mwina ya achimwene ake, ndipo ukwati wathu unathera pomwepo, popanda kugawana katundu.

Masiku atatu ndinakhala pakona, buku pamiyendo, kholo pansi. Ndinali ndisanagwirepo buku lotere. Mapepala ake anali okhuthala, onunkhira ngati kabati yakale, m'mphepete muli timawu ta pensulo ta a Lumo. Mizere khumi ndi itatu ndinali nditalasa ndendende. Ina isanu ndi umodzi ndinaphonya liwu limodzi kapena awiri. Yotsalayo, nditaiika moyang'anizana, ndinachita manyazi ndekha. Kumanzere kwanga anthu analira kasanu ndi kawiri, mwezi unatuluka kanayi, kamodzi masana, ndipo mitima inkagunda, kusweka, kuuluka. Kumanja anthu omwewo ankatsuka makapu, kufunafuna singano, kufunsana ngati mvula ibwera. Malo ambiri mwini buku ankandiposa moonekeratu. Tsamba 231 ndinalisiya komaliza, ndipo nditalitsegula Lachinayi, amalume akusesa kuti atseke, ndinakwiya zenizeni. Pamalo pa sitima yanga ndi mtima ndi tikiti, iye analemba kuti: Pobwerera anadutsa pamlatho, ndipo anaona kuti ndi wolimba.

Basi. Masamba mazana awiri a kupatsirana mchere, mathero ake n'kuyendera mlatho ngati munthu wa ku ofesi ya zamisewu. Ndinawawerengera amalume mizere yonse iwiri. Anati wanga ndiye wabwino, koma iwo ndi aja a namwino, ndiye sindinawadalire.

Lachisanu ndinafika ola lathunthu nthawi isanakwane. M'kati mwa nyumba ya njerwa zofiira munali khonde lalitali lonunkha polishi, ndi mabenchi amene tinakhalapo tonse. Ena anavala mataye, ena ankaloweza mayina a olemba mabuku chapansipansi. Asekilitale ankaitana mmodzimmodzi motsatira mndandanda. Atafika pamene panayenera kukhala dzina langa, anadumpha. Ndinapita kukafunsa, anati Adokotala anena kuti wa fotokope adikire. Ndinadikira maola anayi. Ndinawerenga zidziwitso zonse za pakhoma, ngakhale cha ambulera yotayika. Kawiri ndinanyamuka kuti ndisiye bukulo patebulo la asekilitale ndizipita, kawiri ndinakhalanso pansi. Mabenchi atatsala ndi ine ndekha, chitseko chinatseguka, a Lumo anasuzumira.

“Wabweretsa?”

“Ndabweretsa.”

“Lowa nazo.”

M'chipindamo munali tebulo lalitali. A Lumo anakhala pakati, kumanja kwawo abambo okalamba a ndevu zoyera amene ankayamwa switi, kumanzere mayi wachitsikana wolemba zonse zonenedwa. Tinkalankhula m'Chingerezi, ndipo poyamba lilime langa linalemera ngati bulangete lonyowa. Sanandifunse mafunso amene anzanga ankatuluka akunong'onezana. A Lumo anapereka mapepala anga kwa abambo a ndevuwo, iwo n'kumawerenga akuseka m'mphuno, ndipo atafika pa mwezi wa masana switi inatsala pang'ono kuwatsamwa. Kenako anandiuza kuti ndiimirire, ndiwerenge mizere iwiri ya pa tsamba 231, n'kunena umene uli bwino.

Yankho limene munthu wofuna malo amayenera kupereka ndinkalidziwa. Ndinali nditalikonza m'njira, ndi kupepesa kwake komwe. Koma nditawerenga wanga mokweza m'chipinda chimenecho, unandikomeranso.

“Wanga,” ndinatero.

Mayi wolemba uja anasiya kulemba.

A Lumo anafunsa chifukwa. Ndinati munthu amene wasiyidwa ndi wokondedwa sayendera milatho. Ndinati wolembayo anatopa, ankafuna kukamwa tiyi. Ndinati mayi ameneyu wadikira masamba mazana awiri, anayenera kupatsidwa ngakhale msozi umodzi.

“Chabwino,” anatero a Lumo. “Nanga n'chifukwa chiyani akuuyang'ana mlathowo? Wakhala akuuona tsiku lililonse ukumangidwa.”

Ndinayamba kuyankha mwaphuma kuti palibe chifukwa, mlatho ndi mlatho, kaya wolimba kaya wosalimba, mwamunayo wapita basi. Ndili m'kati molankhula ndinakumbukira tsamba lina la koyambirira, limene ndinaliika pagalasi la makina kambirimbiri mpaka kulidziwa ngati nyimbo. Ali patebulo, mayi uja anafunsa injiniya ngati amabwererako kumene anamangako. Iye anayankha akudula buledi kuti amabwerera kokha kumene mlatho wachita mng'alu.

Ndinasiya chiganizo changa panjira.

“Akufunafuna mng'alu,” ndinatero. “Akuyenda pamlathopo akuyang'ana ngati pena pang'ambika, kuti munthu uja abwerenso. Ndiye wapeza kuti ndi wolimba.”

Ndinapitiriza, mawu akuthamangitsana. Ndinatchula tsambalo, 58, a Lumo anatsegula, anapeza zili momwemo. Ndinati mwamunayo anagwira ntchito yake bwino kwambiri moti sadzabweranso, ndipo mayiyo azidutsa pamenepo tsiku lililonse popita kumsika, akuponda chinthu chimene chikumuuza zimenezo. Ndinati mzere wanga umalira m'malo mwa wowerenga, umamulanda ntchito, pamene wa mwiniwo umangokuikira mlatho pachifuwa n'kuchoka. Ndikunena izi ndinazindikira kuti amene akulira ndi ine. Ndinakwiya nazo, ndinapukuta ndi mkono.

Abambo a ndevu aja anatulutsa switi m'thumba n'kuitsetsereza patebulo mpaka kwa ine. Anati komabe tikiti ija iwo yawasangalatsa. A Lumo anati tikitiyo ndi yanga, ndiisunge, ndidzaiike m'buku langa ndikadzalilemba, osati m'nyumba za eni. Anandifunsa mabuku ena amene ndawerenga. Ndinatchula onse a pashelefu ya amalume, ndipo ndinaulula kuti ambiri ndinawerenga mitu yokhayo imene aphunzitsi amatuma ophunzira, moti ena sindidziwa mmene amathera. Mayi wolemba uja anafunsa ngati ndawalembera kale mathero. Ndinati m'mutu mokha. Onse atatu anaseka, ngakhale a Lumo, pang'ono, mbali imodzi ya kamwa. Ndikutuluka a Lumo anandikumbutsa kuti buku lawo likadali m'khwapa mwanga.

Anati zotsatira zidzatuluka Lachiwiri. Loweruka ndi Lamlungu ndinali ngati nkhuku yosowa poikira. Lolemba ndinapitako kawiri ngakhale ndinkadziwa kuti si tsiku lake. Lachiwiri ndinafika asekilitale akutsegula kumene ofesi, ndinawalondola kumbuyo kuchokera pachitseko mpaka pa kabati, kuchokera pa kabati mpaka pa tebulo, mpaka anati ndiwe wa fotokope uja eti, tenga kalata yako undisiye ndipume. Sindinadikire kutuluka. Ndinang'amba envelopu pomwepo, ndinawerenga mzere woyamba, ndinauwerenganso, kenako ndinaliyatsa liwiro.

Pa shopu ndinadutsa osaima, ndinangokweza kalata m'mwamba. Amalume anatuluka mapepala a kasitomala ali m'manja, akuitana ometa tsitsi kuti adzaone mwana wa mlongo wawo, amene anaphunzitsidwa ndi iwo. Minibasi sindinaidikire. Ndinafika kuntchito kwa amayi nsapato imodzi itaduka lamba.

M'chipinda chositira munali nthunzi ndi fungo la sopo. Amayi anali pa tebulo lakumapeto akusita nsalu zoyera za pabedi, anzawo anayi ali pa matebulo ena. Atandiona anaimika simbi. Anapukuta manja pa epuloni, mbali zonse ziwiri, asanagwire kalatayo. Magalasi awo anali ataiwala kunyumba, ndiye anabwereka a anzawo, n'kuwerenga pang'onopang'ono chala chikuyenda pansi pa mawu, mpaka pa chidindo.

“Zaka zinayi,” anatero. “Kumangowerenga nkhani.”

“Ndi kulemba, amayi.”

“Ndiye ukatero udzakhala ndani?”

Ndinati sindikudziwa bwinobwino. Anandiyang'ana, nkhope ili thukuta lokhalokha. Kenako anandigwira pamkono mwamphamvu, ngati mmene ankandigwirira powoloka msewu ndili wamng'ono, n'kuyamba kundiyendetsa tebulo ndi tebulo. Kwa aliyense ankanena zomwezo, kuti pa ana khumi ndi asanu ndi anayi atenga anayi okha, ndipo uyu ndi mmodzi, ndipo madokotala atatu anachita kumusunga komaliza kuti amumve bwino. Sindinawakonze. Anandipititsa kwa ochapa, kwa opinda, mpaka kwa adalaivala amene ankakweza mitolo m'galimoto. Pomaliza anagogoda pa ofesi ya abwana awo, chinthu chimene sachita popanda kuitanidwa.

“Bwana, zikomo kwambiri chifukwa cha malo a kuhotela aja,” anatero, kalata ili pachifuwa. “Mupatse mwana wina. Wangayu wapeza pake.”